Kiyi wa pa Thanki

13 Okutobala, Lolemba
Ntchito ndayamba. Thanki ili pa phiri, mipopi isanu ndi umodzi ili kumudzi. A Stephano, amisiri ochokera ku Lilongwe, agawa ntchito. Bokosi la makina ndilo limayatsa pampu, limatsegula madzi 5 koloko m'mawa, limatseka 9 koloko. Ine kupukuta masola ndi kulemba manambala m'kope. Andipatsa kiyi wotsegulira ndi kutsekera pamanja, koma akuti ndisamugwire ndisanawaimbire. Ndamumanga pa chingwe m'khosi.

17 Okutobala, Lachisanu
Manambala onse bwino. Ndawerenga kawiri.

21 Okutobala, Lachiwiri
Mayi awo a Vinsenti amwalira. Anthu a ku Dzoole ndi ku Kasakula adzaza pamudzi, mipopi ili yotseka. A Kristina a Chigwirizano anakwera phiri okha ndi miyendo yawo yotupa ija. "Mwanawe, thupi tisambitsa ndi chiyani?" Sindinawayang'ane kumaso. Ndawaimbira a Stephano kasanu, foni yozima. Ndatsegula. Maola awiri okha, nthawi ndalemba.

22 Okutobala, Lachitatu
Nyali ya pa bokosi yafiira. Laona madzi akutsika nthawi yosayenera, layesa paipi yaphulika, lazimitsa pampu. Maliro siliwadziwa. Kiyi wanga sayatsa pampu.

25 Okutobala, Loweruka
Tsiku lachinayi. Onse akutunga kudambo, kumene zimamwa mbuzi. Mwana wa Pemphero, mnzanga wa kukwaya, akutsegula m'mimba. Panjira amayi amasiya nkhani ndikamadutsa. A Kristina omwe sandipatsa moni.

28 Okutobala, Lachiwiri
A Stephano afika. Batani limodzi, madzi ayamba. Anawerenga kope langa nanena kuti ndimalemba mosamala. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja kufuna kiyi. Akuti munthu amamva chisoni, makina samva, ndiye zotsegula ndi zotseka zonse zikhale za bokosi. Chingwe ndinachidula ndi mano.

30 Okutobala, Lachinayi
Mwana uja amugoneka kuchipatala cha ku Boma. Pemphero sindinamuone.

3 Novembala, Lolemba
Paipi yang'ambika kumunsi kwa thanki, pa mwala wa pafupi ndi mkuyu. Madzi akuthawira m'munda wa fodya. Ndi 6 koloko, nthawi yotunga, ndiye bokosi likuyesa ndi anthu. Nyali yobiriwira. Kumudzi zidebe zili pamzera, mipopi ikungodontha. Ndaimba katatu. Ndamangapo chitenje, chachoka.

Dzanja likungopita m'khosi.

Ndalemba nambala.