Phulusa la m'botolo

Lachinayi, Hyattsville. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Agogo amene ndimawasamalira kwawo ndi ku chilumba cha Montserrat, kumene phiri linaphulika n'kukwirira tauni yonse. Nsapato ndi chikwama chawo zimakhala pakhomo nthawi zonse, kukonzekera kuthawa. Amati phirilo silinafe, likungopuma.

Masana mpunga unapserera m'poto. Nditaona botolo la phulusa pashelefu, ndinatapako n'kuyamba kukwecha monga timachitira kwathu. Koma silinali lofewa ngati la nkhuni. Linkalira ngati magalasi osweka, poto yense n'kukalikakalika.

Agogo anaima kumbuyo kwanga, osakalipa. Anangoti, "Limenelo ndinalitapa padenga pa nyumba yanga, poti denga lokha ndi limene likuoneka. Amuna anga anabwerera kukamasula mbuzi, mtambo wamoto n'kuwapeza konko. Sanapezeke mpaka lero."

Chitsiru ine, ndinali nditatsegula kale mpopi, phulusa lija n'kupita ndi madzi.

Ndinapepesa ndili chogwada. Iwo anangogwira dzanja langa n'kulinunkhiza, kenako anapita kukavala nsapato zija.

Ndasamba m'manja kanayi. M'zikhadabomu mukadali motuwa, ndipo sindikudziwa ngati ndi phiri lokha limeneli kapena...