Mawu Amene Unasiya Kutchula

Mawu akuti "mankhwala" pakamwa pako m'Nyumba ya Malamulo:
Febuluwale, uli kotsutsa: ka 41
Juni, ndalama itagwa mphamvu: ka 17
Novembala, utalowa mbali ya boma: 0

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mpongozi wanga ndi ana. Ine ndilipo, ovuta ndi mawondo okha.

Ndinakalambira pa ntchito yolemba zokambirana za aphungu, ndiye khutu silinapume. Masana ndikatsegula wailesi, pensulo imakhala m'manja. Ngakhale kutsokomola kwako ndimakuzindikira.

Mlongo wako ankakhala pampando wapazenera n'kumawerenga nane. Ukakweza mawu, ankaseka kuti achimwene ameza chimkuzamawu. Ukudziwa mmene mphumu inamutengera. Kuchipatala anatipatsa kapepala kuti tikagule kwina, ndipo kwinako mtengo unali utakwera kawiri.

Pamaliro unandinong'oneza kuti zinthu zathina, mayiko otibwereketsa ndalama akumvetsera, ndipo akuluakulu a chipani anakupatsani mawu oti muzinena. Ndawamva mawuwo. Kusowa kwa mankhwala mukuti "kuchedwa kwa katundu". Njala mukuti "nyengo yodzimana".

Koma chondisowetsa mtendere ndi ichi. Ukaimirira kuti uyankhule, mpando wapazenera uja umalira ngati wina wakhalapo. Umadikira. Ukakhala pansi osatchula mawu aja akuti "mankhwala", umaliranso, kenako zii. Sindimuopa, ndi mwana wanga. Kungoti ndilibe chomuuza.

M'mabuku athu a kuntchito tinkalemba kuseka, phokoso, ngakhale kuomba m'manja. Kukhala chete kunalibe chizindikiro. Adzukulu akadzawerenga adzayesa kuti sunalimo m'Nyumbamo.

Kamtsikana kamene mlongo wako anasiya kayamba kubanika chimodzimodzi. Lachiwiri mukambirana ndalama za zaumoyo. Sindikuti unditumizire mankhwala. Utumiza, ndikudziwa, koma mzere kuchipatala kuja udzakhalapobe, ndipo mawa kadzaimapo kokha ine kulibe. Ndikupempha utchule mawuwo kamodzi kokha, poyera, ngakhale akulande galimoto. Unabadwa ukuyenda pansi.

Upereke moni kwa onse kumeneko. Mulungu akusunge, akumasulenso lilime.

Kuwonkhetsa: 41 + 17 + 0 = 58.
Mzere wa Lachiwiri ndausiya wopanda kanthu. Tidzakhala tikumvetsera tonse awiri, ine ndi mlongo wako.

Ndine mayi ako,
Mlembi wopuma