Mipando ya Bana Mwila

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni wochokera kuno ku Chelstone. Tonse tili bwino, koma bondo la amayi likuvutabe. Kaya inu kumeneko?

Mukuwakumbukira Bana Mwila, aneba athu aja anandilalatira pamsewu nkhuku zanga zitawadyera repu? Zaka ziwiri akhala osandiyankha moni. Amuna awo anamwalira sabata yatha. Potulutsa katundu m'nyumba kuti olira apeze pokhala, anasowa poika mipando, kumwamba kutada bii ndi mvula. Ndinatsegula geti langa n'kunena kuti, "Bweretsani kuno."

Alamu anu anang'ung'udza: "Mayi anakutukwanani uja?"

Ndinati, "Nanga kutchalitchi timapitira chiyani? Kukaimba kokha?"

Masiku anayi tinkadya choimirira, masofa awo atadzaza pabalaza. Masana ndinkatsuka mbale kumaliroko.

Dzulo Bana Mwila anabwera kudzatenga katundu wawo. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako anandifunsa, "Amake Chisomo, mapemphero anu amayamba nthawi yanji?" Ndawauza kuti Lamulungu ndidzawagogodera ndekha.

Muziwapempherera Bana Mwila, ndipo musaiwale mankhwala opaka bondo aja. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyanjane

Nkhuku zija ndazimangira khola. Pamenepo wolakwa ndinali ine.