Zitsekerero za Mabotolo Pawindo

Lamlungu, 23 Juni

Masabata chimwalirire mwana wanga: 32
Amene tinangokhala pakhomo: 9
Amene tinayenda kufunafuna tchalitchi: 21 (matchalitchi 7, chilichonse katatu)
Amene tapita kumene tasankha: 2
Kuphatikiza: 9 + 21 + 2 = 32
Kulemera kwa mdzukulu wanga Kadontho mu Novembala: makilo 24
Kumayambiriro kwa mwezi uno: makilo 21 ndi theka

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndayamba ndi manambala monga mwa nthawi zonse. Seka ngati ukufuna. Paja amayi ankati ine ndinabadwa ndikuwerenga zala za azamba. Uli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulola kuyenda? Nanga alamu anga, chifuwa chija chinawasiya? Ife kuno tilipo, koma kukhalapo kwake n'kwa tebulo lothyoka mwendo: laima chifukwa latsamira khoma.

Tikadali m'zipinda ziwiri zija za pansanja yachitatu. Masitepe ake akadali makumi anayi ndi asanu ndi limodzi, koma maondo anga akuti awonjezeka. Apongozi anga, bambo ake a Kadontho, akuyendetsabe basi ya mtunda wautali. Amafika Lachitatu, Lachisanu anyamuka. Nsapato za malemu zikadali kuseri kwa chitseko. Aliyense amazilambalala posesa, palibe amene wayamba kuzitchula.

Sindinakulembere chichokere kumaliro chifukwa nkhani inali isanapeze yankho. Tsopano lapezeka, ndipo ndili ndi pempho limodzi. Koma uyambe wamva njira yake.

Ali m'chipatala, mwana wanga anandigwira dzanja n'kundiuza kuti Kadontho akule akupemphera, ndimupezere tchalitchi chimodzi, asamayendeyende ngati iye ndi mwamuna wake, amene sanakhazikike paliponse chibwerere m'tauni muno. Ndinavomera. Chimene sindinamuuze, chimenenso sindinauze munthu wina mpaka lero, n'chakuti pemphero linali litayamba kale kundithera. Ndinamupempherera masiku makumi anayi ndi limodzi, m'mawa ndi madzulo, osaphonya. Tsiku lotsatira ndinapinda zofunda zake n'kubwera nazo kunyumba. Kuyambira pamenepo mawu amafika pakhosi n'kubwerera. Sindikunena kuti Mulungu kulibe, usathamangire kulira. Ndikungoti ndagogoda nthawi yaitali, ndipo sindikudziwa ngati m'nyumbamo mulibe munthu kapena mwini wake wangokhala chete. Ine yemwe uja ndinkaphunzitsa ana a anthu katekisimu.

Lonjezo ndi lonjezo. Ndinaganiza zoti tchalitchi chilichonse tizipitako katatu. Ulendo woyamba amakuombera m'manja, wachiwiri amakufunsa dzina, wachitatu ndi pamene amaiwala kuti ndiwe mlendo n'kuonetsa nkhope yawo yeniyeni. Ndinkayang'ana kutalika kwa mtunda, kutalika kwa ulaliki, ndiponso ngati ana ali ndi pokhala ndi chimbudzi chotsekeka. Tinapita ku chachikulu cha miyala, kumene mabenchi amazizira mpaka m'mafupa. Tinapita kwa amene amasonkhana m'nyumba yakale ya kanema, kumene zokuzira mawu zinandisiya ndi mluzu m'khutu mpaka Lachiwiri. Tinapita ku tenti ya kuseri kwa malo oimika magalimoto, kwa opemphera Loweruka, kwa osonkhana pabalaza la mayi wina wamasiye, kwa obwereka kalasi pasukulu, ndiponso kwa mneneri wa pamwamba pa shopu ya matayala, kumene amapemphera azakhali ake a Kadontho.

Ine ndikuchonga zanga, sindinkadziwa kuti mwana nayenso akulembetsa mayeso ake. Anandiululira ndi mphunzitsi wa ana wa tchalitchi chachinayi. Anandikokera pambali n'kunena kuti agogo, mdzukulu wanuyu wandifunsa kuti amayi ake ali kuti. Tikubwerera ndinamufunsa mwana. Anavomera kuti amafunsa paliponse, pa ulendo wachitatu, popeza agogo anati ndi tsiku limene anthu amanena zoona. Atafika kunyumba anandionetsa pawindo la kuchipinda. Zitsekerero za mabotolo zimene ndinkayesa zoseweretsa zinali milu: yankho lililonse, mulu wakewake. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Magazi sanama, mng'ono wanga.

Atatu anamuuza kuti amayi ake ali kumwamba ndipo akumuona. Masabata amenewo ankakhala mowongoka patebulo, osatola chakudya chogwa pansi, ndipo ndinkamumva akufotokozera denga zimene aphunzira kusukulu. Atatu ena anamuuza kuti amayi ake akugona m'manda, sakumva kanthu, adzadzuka lipenga likadzalira. Masabata amenewo hutala iliyonse ya galimoto mumsewu inkamuthamangitsira pawindo. Anandifunsa ngati tinawaikira bulangeti, ndiponso ngati akupitiriza mkonono wawo uja. Ndinaseka, kenako ndinapita kukatsuka mbale zotsuka kale. Anayamba kuopa tulo. Akuti akagona kwambiri angapitirire, kapena lipenga lingalire iye osamva.

Wachisanu ndi chiwiri anali mneneri uja. Iye sanayankhe, anafunsa. Akuti kodi mayi akowo anabatizidwa momizidwa m'madzi? Azakhali anayankha kuti ayi, anangodonthezedwa pamutu ali khanda. Mneneri anapukusa mutu n'kunena kuti kumeneko n'kusukusula chabe, ndipo khomo ndi lopapatiza. Ananena zimenezi mwana ali chiimire pamaso pake, atanyamula kachikwama ka mayi ake. Kuyambira sabata imeneyo Kadontho anayamba kukodza pogona, chinthu chimene anasiya ali ndi zaka zitatu. Ndinamuuza kuti chitsekerero chimenecho achitaye. Anakana. Akuti ndinamuphunzitsa ndine kuti nambala sutaya chifukwa choti sikukusangalatsa. Anachiika pachokha kumapeto kwa windo.

Pa 13 mwezi uno azakhali anakwera masitepe athu, apongozi ali pakhomo. Sanadikire n'komwe tiyi. Akuti mwana si mbuzi yoyenda nayo m'misika. Akuti pawiripawiri sipauzirika, nanga pasanu ndi pawiri? Akuti taonani mwana wasanduka ndodo ya tsache, aphunzitsi akudandaula kuti akusinza m'kalasi, matiresi akuyanikidwa pakhonde anthu onse akuona. Kenako anandiloza ndi chibwano n'kunena kuti agogowa ndawaona ine, anthu akamapempherera chakudya iwo maso ali gwa, akuwerenga matailosi apansi. Ndikanakana, koma matailosiwo alipo zana limodzi ndi khumi ndi awiri. Akuti amutenge mwana, kwawoko yankho ndi limodzi ndipo silisintha.

Apongozi ndi munthu wosalankhula. Anatembenuza chipewa chawo cha kuntchito kangapo, kenako anati amayi, musandimve molakwa, mwatigwira dzanja pa nthawi yovuta, koma sukulu ikamatsekera pa 28 mwana akadali chonchi, ndimupereka kwa achemwali anga. Mwana ndi wawo. Ine m'nyumba muno ndili ndi sutikesi imodzi ndi kapu imodzi. Koma ndinaona m'maganizo Kadontho akukwera pamwamba pa shopu ya matayala sabata ndi sabata, kukamva kuti mayi ake anangosukusula.

Loweruka lake masana ndinkamuluka tsitsi, atakhala pakati pa maondo anga, nkhope ataloza kuwindo. Anandifunsa ngati samu imodzi ingakhale ndi mayankho atatu. Ndinati ayi. Anati basi, ndiye titsate kumene kuli ambiri, koma vuto n'lakuti atatu ndi atatu afanana. Ndinafuna kumuuza za kalasi yanga ina, mmene ana makumi asanu ndi asanu ndi anayi analemba yankho limodzi lolakwa, atatu okha n'kukhoza. Kuchuluka kwa anthu sikukhozetsa samu. Koma ndinangopitiriza kuluka.

Ndiye anatambasula dzanja. Munali chitsekerero chachisanu ndi chitatu, cha botolo la mafuta odzola a mayi ake. Anati agogo, inu simunaponye. Akuti mwaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zinayi, amayi ankati simunachongepo cholakwa ngakhale cha mwana wa ahedi, ndiye chimene munene inu ndicho.

Chipeso chinali kukamwa, ndiye chinandipatsa kanthawi. Yankho loona ndinali nalo, lalifupi: sindikudziwa. Kusukulu ndinkalemekeza mwana wonena choncho kuposa wolota manambala. Koma ndinayang'ana nkhongo yake, mitsempha iwiri ija itatuluka ngati ya mayi ake masiku omaliza. Ndinachotsa chipeso, ndinatenga chitsekerero, ndinadzuka n'kukachiika pa mulu wa kumwamba.

Kadontho anandibwezera mawu anga amene: onetsani njira yake, yankho lopanda njira sitichonga. Ndinamuuza kuti njira ya samu imeneyi ndi yaitali, amaphunzira m'makalasi a kutsogolo. Anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati ndatsimikiza. Anawerenga: zinayi, zitatu, chimodzi. Anasonkhanitsa zina zija n'kukaziponya m'bini yekha, chamneneri chomwe, akuti samu ikatha zapambali timafufuta. Madzulo anadya n'kupempha zina. Anagona mpaka ndinachita kumugwedeza m'mawa, matiresi ali ouma.

Mwa matchalitchi atatu a kumwamba aja tinasankha cha m'kalasi, poti n'chapafupi ndipo ulaliki sudutsa theka la ola. Mlaliki wake ndi bambo wokonza mafiriji, wa mawu otsika, amene amaiwala pamene waika magalasi. Timakhala pa madesiki a ana, maondo kugunda thabwa. Kumbuyo kwa mlaliki kuli bolodi, ndipo pakona pake wina analemba kuti 1/2 + 1/3 = 2/5, osafufuta. Masabata awiri tsopano ndakhala moyang'anizana ndi samu yolakwayo, choko chili pomwepo patebulo. Kale ndikanadzuka pakati pa nyimbo. Tsopano ndimangoiyang'ana, nayo n'kumandiyang'ana. Ndani angachonge mnzake?

Popemphera Kadontho amandigwira dzanja, ndipo ndikudziwa kuti amasuzumira ndi diso limodzi. Choncho ndimatsinzina n'kunena mawu onse a Atate Wathu mpaka ameni. Amatuluka bwinobwino, ngati ndikuwerenga kalata ya munthu wina. Kaya amenewo amawerengedwa ngati mapemphero, sindikudziwa. Ndawaika pamzere wawo.

Lachinayi lapitali apongozi anamuona mwana akunyambita mbale, akuwafotokozera kuti amayi ake aona kale kuti wakhoza zonse pa mayeso a sipelo. Anatuluka pakhonde, anakhalako kanthawi, pobwera anangoti amayi, za achemwali zija tizisiye. Azakhali sakundiyankha moni. Zimenezo ndizipirira.

Pempho langa ndi ili. M'envelopu muno mulinso kakalata ka Kadontho kopita kwa iwe. Ndinamuphunzitsa kuti samu ukaipeza uziyesanso kachiwiri, ndiye akuti ayesera kwa agogo aang'ono. Funso ndi lomwe lija. Ndikudziwa kuti chikwatiwire umapemphera ndi alamu kumene amati akufa akugona, ndipo iwe umakhulupirira ndi mtima wonse, osati ngati ine. Ndikudziwa kukula kwa chimene ndikupempha. Komabe umuyankhe kuti mayi ake ali kumwamba ndipo akumuona. Usaikepo "mwina", usaikepo mavesi. Ulembe zilembo zikuluzikulu, mizere iwiri yakwana. Ngati n'tchimo, uwauze Ambuye ako kuti alembe pa dzina langa, amakumvera iweyo. Ukaona kuti sungathe, usamuyankhe n'komwe, ine ndidzati kalata inasochera. Pamenepo mabodza anga adzakhala atatu.

Akadzakula adzabwera kudzafunsa njira ija. Ndawerengera: ngati Mulungu, kaya ndani, andisunga zaka zisanu ndi ziwiri, adzandipeza ndilipo. Chimene ndidzamuuze sindinachipeze.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze asiye kusamba madzi ozizira m'mawa. Moni kwa achimwene athu aakulu. Usawawerengere kalatayi, mtima wawo ndi wofooka. Moni kwa ana ako onse ndi apongozi ako, ndiponso kwa kamdzukulu kako katsopano kamene sindinakanyamulebe. Ukapita kumene anagona amayi athu, ukazuleko udzu m'malo mwanga.

Zotsalira pofika lero:

Matchalitchi: 1
Mayankho pawindo: 1
Masiku amene Kadontho wagona mpaka m'mawa: 8 mwa 8
Kulemera kwake dzulo pa sikelo ya kufamase: makilo 22
Mapemphero otuluka pakamwa panga, osadziwika ngati afika: 16
Mabodza amene ndinauza ana a eni m'zaka 34: 0
Amene ndauza mdzukulu wanga: 2
Masiku amene ine ndagona mpaka m'mawa: 0

Ndine mkulu wako,
Anamasamu