Kusamva Kulipo Kuwiri

Achimwene,

Landirani moni wanga. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti chipinda changa chagundana ndi malo owotcherera zitsulo, ndiye mutu umakhalira kulira. Ntchito ndi yomwe ija yothandizira m'kalasi: kusongola mapensulo ndi kupukuta ana a eni mamina. Amene amandiseka kuti yunivesite inandilaka, auzeni kuti ndikudyabe.

Alamu andiuza pafoni kuti aphunzitsi a mwana wanga anakuitanani n'kukuuzani kuti mwanayo samva, akayezedwe kuti azithandizidwa mwapadera. Akuti inu munayankha kuti vuto ndi madamuwo, mzimayi sangamuthe mnyamata, poti chaka chatha kwa aphunzitsi aamuna kunalibe dandaulo. Mutafika kunyumba munathyola mkwapulo.

Achimwene, kusamva kulipo kuwiri. Inu munamva kwa mwano, madamuwo ankanena kwa makutu. Ndiye pamenepa wosamva ndani?

Bambo a chaka chatha aja ankamukhazika kumbuyo. Akapanda kuyankha ankamutuma kukatola zinyalala, ati mwamuna amakula choncho. Kusadandaula kwawo kunali komweko.

Sindikuti akazi ndi angelo. Kuno ndimawaona. Mnyamata akangosokosa, madamu ena amathamangira kumutumiza kukalasi yapadera kuti apumeko, pamene kamtsikana kachete kosatha kuwerenga palibe amakaona, kaya bambo kaya mayi. N'chifukwa chake nanenso ndinayamba ndakayika. Koma alamu akuti madamu a mwana wangayo anaima kumbuyo kwake n'kumuitana, iye osatembenuka. Atabwera kutsogolo anaona kuti mwanayo amatsatira milomo. Munthu wongofuna kuchotsa mwana m'kalasi savutika choncho.

Ndikudziwa chimene mukuopa: anthu azinena kuti kwathu kuli mwana wa kalasi ya opepera. Anene. Ine anandinena kale, sindinafe. Koma akatha chaka china akungoona milomo ikugwedera, sukulu aisiya asanadziwe n'kulemba dzina lake lomwe.

Pempho langa ndi limodzi: mupite naye akamuyeze makutu sabata ino. Ngati zikukuchititsani manyazi, apite naye alamu, inu mutsale pakhomo ndi ulemu wanuwo.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali ndi alamu. Mwanayo mumuuze kuti mayi ake amamukonda, koma pomuuzapo mugwade, mumuyang'ane kumaso.

Ndine mlongo wanu,
wamakani uja.