Dzina la Makolo

Lamlungu, 3 Seputembala

Mvula tsiku lonse. Kuno Lamlungu ndi tsiku la ntchito. Ofesi ikudontha pakona pamene pali mawaya. Beseni pansi, ntchito ipitirire.

Apu yathu yobwerekana zinthu ikuyenda kuno ku Patan, mzinda woyandikana ndi Kathmandu. Lero wina wabwereka makwerero, wina wasinthanitsa njinga ya mwana ndi mabuku a sukulu. Popanda ndalama. Gulu la amayi lapangana pa apu pomwepo zopangira limodzi achari Loweruka lililonse. Ndinayang'ana pakompyuta mpaka tiyi kuzizira. Ndinaimanga ndine, ndi zala zangazi. Nirajan dai (dai ndi kunena kuti achimwene, mwaulemu chabe), mnzanga amene tinayamba naye kampani, ndiye pakamwa pathu: misonkhano, jekete, kusaka anthu oti aikemo ndalama.

Wandifunsanso lero chifukwa chake anthu amaoneka ndi dzina loyamba lokha. Amadziwa. Dzina la makolo limaulula mtundu wa munthu. Langa Pariyar, osoka zovala, aja ena samwa madzi amene tatunga. Anangoseka. "Smarika bahini, mlongo wanga, iwe ndiye mtima wa kampani ino."

Malipiro a Ogasiti sanaoneke. Mtima sulipira lendi.

Lachisanu, 8 Seputembala

Amayi anga aphunzira apu! Amadina ndi chala chimodzi, lilime panja.

Dzulo tinadyetsa mwana wa achimwene mpunga wake woyamba, mwambo waukulu kuno. Alendo ochuluka, mapoto athu ang'onoang'ono. Amayi anapeza okha mphika waukulu wamkuwa pa apu, wa mayi wina dzina lake Ambika. Achimwene anakautenga pa njinga yamoto. Malipiro ake amayi anasoka mabulauzi awiri, miyezo inabwera pafoni.

M'mawa uno aukwecha ndi phulusa mpaka munthu kudzionera nkhope. Aikamo sel roti wotentha, mandasi athu a ufa wa mpunga, poti chiwiya cha eni sichibwerera chopanda kanthu. Anandinong'oneza ngati mwana amene waba shuga: "Sanafunse n'komwe kuti ndife a kwa yani."

Chikhalireni mumzinda uno sanabwerekepo mphika kwa munthu wosakhala m'bale. Ndinalowa kubafa kukalira pang'ono.

Lachiwiri, 12 Seputembala

Foni ya ofesi. Ndinayankha ndine.

Mayi Ambika. Ambika Bhattarai, anatchula lonse, pang'onopang'ono. Dzina la mtundu wapamwamba. Wina wawauza kumene mphika unapita. Akuti autulutsa m'khitchini, uli panja pansi pa masitepe. Sel roti anapatsa agalu. Mawu oti mtundu sanawatchule ngakhale kamodzi. Iwo akuti alibe tsankho, koma apongozi awo ndi achikulire, ndipo munthu ayenera kudziwa amene akudyera m'mphika mwake.

Ndinafunsa ngati mphikawo unabwera ndi chilema. Ayi. Mabulauzi? Okwana bwino, atero.

Kenako: "Nanga iwe mwana wanga, dzina lako lonse ndani?"

Ndinawauza. Anapempha kulankhula ndi bwana.

Amayi sindinawauze. Madzulo andifunsa ngati mayi uja wanenapo kanthu za sel roti. Ndati anakoma.

Lamlungu, 17 Seputembala

Msonkhano, awiriwiri. Nirajan dai anaitanitsa momo, timitanda toikamo nyama, n'kumatola m'mbale mwanga monga amachitira. Kale ndinkati ndi chibale. Lero ndaona kuti amayang'ana kaye ngati ndaona.

Anayambira kutali. Chobowolera khoma cha munthu wina chinasowa mwezi watha. Bwana amene akufuna kuikamo ndalama akuti anthu azikhulupirirana, aliyense aonetse chiphaso, dzina lonse lizioneka. Za mayi Bhattarai sananene mpaka ndinazitchula ndekha. Ndiye zinatuluka: aimba ambiri, si iwo okha. Ena achotsa mapoto awo pa apu.

Ndinati tsankho lotere lamulo limaletsa. Iye akuti sitilemba mtundu wa munthu, tilemba dzina, kodi dzina ndi mlandu? Ndinati amene anaba chobowolera tikumudziwa, nambala yake tili nayo, ndipo dzina lake ndi la mtundu wapamwamba. Sanaseke.

"Bahini, usasandutse chilichonse kukhala nkhani ya iwe."

Ndati sindiika zimenezo mu apu. Akuti ndikaganize. Ndatsuka makapu onse awiri, chizolowezi.

Lachiwiri, 26 Seputembala

Ndafika m'mawa, zachitika kale. Anapatsa ntchitoyo munthu wakunja kumapeto a sabata. Ndalama zolipira ameneyo zinapezeka.

Mayina onse poyera. Shrestha, Bhattarai, Thapa, Pariyar. Ntchito yake yosalongosoka, mayina aatali akuduka pakati, apu ikuzima pa mafoni akale. Wokonza ndani? Ine. Ndakhala tsiku lonse kuwongola mpeni woti undibaye. Ndikanausiya wokhota, koma manja anga sadziwa kusiya chinthu chokhota. Ndinatengera amayi.

Chowawa kwambiri: mapoto abwerera pa apu. Anthu atsopano akulowa kuposa kale. Nirajan dai sananame, ankawadziwa anthu ake. Ine ndi amene ndinkalota.

Mutu ukupweteka. Mpunga ndi mphodza, osamva kukoma.

Lachitatu, 4 Okutobala

Chikondwerero cha Dashain chayandikira. Aliyense akupaka nyumba. Amayi akufuna makwerero ndi chiwaya chachikulu.

Apempha kwa uyu, kwa uyo. Mayankho aulemu onse. Pepani wabwereka wina. Pepani chathyoka. Ine ndimaona mkati mwa apu: chiwaya chothyokacho chinapita kwa a Shrestha tsiku lomwelo masana. Makwerero okha apeza, poti sakhudza pakamwa.

Gulu la achari lija amayi anapitako kawiri, anabwera akununkha mpiru, akusimba nthabwala za amayi anzawo. Tsopano lasanduka la oitanidwa okha. Batani lotsekera gulu motero ndinaika ndine mu Julaye, kuti amuna asamasokoneze magulu a amayi.

Koma opempha kusoka, eee, mbwee. Aona dzina, adziwa kuti apa pali telala weniweni. Wina walemba kuti abweretsa nsalu, aisiya pachipata.

Amayi sadandaula. Makina osokera akungolira. Anangoti, osakweza mutu: "Singano yathu ndi yoyera, mwanawe. Pakamwa pathu ndiye podetsedwa." Ndiye kuti adziwa. Za mphika uja kaya anamva kwa yani.

Lachinayi, 12 Okutobala

Kuhotela ku Kathmandu. Bwana uja wasaina. Maluwa m'khosi, zakumwa, alendo ochokera kunja, ojambula.

Nirajan dai analankhula bwino, ndisaname. Za makolo athu amene ankabwerekana mchere pampanda. Za apu imene ikugwetsa makoma. Kenako anandiitana kutsogolo. "Amene anamanga zonsezi ndi uyu, Smarika Pariyar." Anaima kaye. "Pariyar." Kawiri, kuti ndi ogontha omwe amve. Wina anawamasulira alendo aja m'khutu, nkhope zawo zinawala. M'manja mwaphokoso.

Ndinaima pamenepo ngati mbuzi ya Dashain, yovekedwa maluwa isanaphedwe. Ndinamwetulira. Chithunzi chilipo, mano onse panja.

Ndinali nditakonza mawu m'basi. Ndikanatenga cholankhulira n'kunena za chiwaya. Sindinatero. Uthenga wa kubanki unali utalowa ndisanakwere pansanja, malipiro onse otsalira. Lendi, mankhwala a shuga a amayi. Anadziwa tsiku loti alipire.

Pobwerera anandiperekeza pa galimoto. Akuti, "Waona? Ukakhala mkati ndi pamene ungasinthe zinthu." Ndinatsikira pamsewu waukulu, asafike pakhomo.

Lamlungu, 22 Okutobala

Dashain. Ofesi yotseka. Makaiti mbuu kumwamba, fungo la nyama ya mbuzi msewu wonse. Sel roti taphika m'kachiwaya kathu, mmodzimmodzi, kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma.

Titapumako pang'ono amayi anapukuta manja n'kundipatsa foni yawo. Akuti ndichotsemo chinthu changacho. Osati mwaukali. Ngati akundituma kukataya madzi.

Ndinati dikirani, pambuyo pa chikondwerero ndilankhulanso naye dai. Anati ndilankhule ndithu, koma foni ndi yawo.

Ndinadina. Apu inafunsa funso lija ndinalemba ndekha kalekale, ndi kankhope kachisoni pambali: Mukutisiya chifukwa chiyani? Ndinawawerengera zosankha. Ndi yovuta kugwiritsa ntchito? Ayi, atero, ndi yosavuta, unaipanga bwino. Simunapeze zimene mumafuna? Zonse zinalipo. Kwatsala kabokosi kolembamo chifukwa china.

Anaganiza, akuchotsa ufa m'zikhadabo.

"Lemba dzina lathu. Lokhalo. Amene awerengeyo amva."

Ndinalemba. Pariyar. Ndinatumiza.

Sadziwa kuti mayankho amenewo amafikira kwa yani. Nirajan dai sanawatsegulepo chiyambire. Foni yanga inanjenjemera m'thumba amayi asanabweze yawo pashelefu.

Sindinaitulutse. Akundiitana, mafuta akupsa.