A Loya ndi mng'oma wa pamutu

Aphungu,

Ndiyambe ndi kukonza bodza lomwe likuyenda pa msika wa Lundazi. Sindinapenge. Komanso ku yunivesite ku Lusaka sanandithamangitse. Ndinachoka ndekha chaka chachitatu, nditaona kuti wotiphunzitsa malamulo ankadziwa zochepa kuposa ine. Papita zaka zisanu ndi ziwiri. Chibwerereni anthu amanditcha Loya, ndipo ndimawaona akutsinana. Ine ndimangovala jekete langa lakuda n'kuwauza kuti ndili pa tchuthi.

Mwezi watha ndinapita kwa Chikomeni kukaona azakhali. Kumeneko kuli Mapopa, mnzanga wa ku pulayimale, amene ndakhala ndikumuitana kuti "Giredi Seveni" pagulu chifukwa ndi pomwe anasiyira. Masiku ano amaweta njuchi cha kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi. Atandiitana kuti ndikaone ming'oma yake, ndinapita kuti ndikamuseke. Ndinavala jekete lija, n'kudzithira perefyumu yokwanira anthu atatu.

Aphungu, njuchi zinasiya Mapopa, zinasiya galu wake, zonse n'kubwera kwa ine! Ndinathamanga ndikukuwa m'Chingelezi. Mapopa anachita kukhala pansi ndi phwete. "Kazisumireni ku khoti, a Loya!" anatero. "Zakuda na fungo sizifuna. Zakuyesani chiuli chakuba uchi."

Diso limodzi litatsekeka ndi kutupa, ndinabwerera ku ming'oma kuja. Anandionetsa mmene amafukizira utsi, mmene njuchi zimafatsira, mmene amadziwira uchi wokhwima. Ndinamufunsa mafunso mpaka dzuwa kupendeka. Chichokereni ku Lusaka ndinali ndisanafunsepo munthu funso lomwe yankho lake sindikulidziwa. Tsopano ndimaseka ndekha mumsewu. Ndikaona duwa ndimaima. Dzana ndinatsatira njuchi imodzi kuchokera pa nthochi zomwe amagulitsa Mayi Taizya mpaka kuseri kwa tchalitchi, ndikuilankhula. N'chifukwa chake akuti ndapenga. Iwo amene sanawerengepo buku mpaka kumapeto!

Vuto ndi ili. Mapopa wavomera kundiphunzitsa, koma ali ndi lamulo lake. Wophunzira aliyense amakatenga yekha mng'oma wake woyamba kwa kalipentala wa pa boma, n'kuusenza pamutu kudutsa mumsika, masana, atavala ovolosi yoyera. Nditadandaula anati, "Ngati muopa azimai a tomato, nanga njuchi?" Akuti Ogasiti akatha ndisanatero, nthawi yomwe njuchi zimalowa m'ming'oma indipitirira, ndidikire chaka chamawa.

Mtima ukuvina, koma khosi likukana. Kodi palibe njira ina yolemekezeka?

H.Z., Lundazi

A H.Z.,

Palibe. Ndipo mukudziwa kuti palibe, apo ayi simukanalemba.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kawiri konse ndikuseka, koma mwandisangalatsa. Munthu wotsatira njuchi mpaka kuseri kwa tchalitchi sanapenge, wadzuka. Koma tisanamizane: tchuthi cha zaka zisanu ndi ziwiri si tchuthi. Sukulu ija inatha, ndipo inakupwetekani. Vomerani zimenezo kamodzi, mokweza, ngakhale kwa azakhali anu okha.

Kenako pitani kwa Mapopa mukamupepese. Munkamunyoza pagulu, choncho mupepesenso pali anthu, ndipo mumutchule dzina lake. Mng'omawo mukatenge tsiku lomwe msika wadzaza, osati m'mamawa anthu asanayale malonda. Akakuwa kuti "Monile a Loya!" yankhani moni, muime, muwauze chomwe mwasenza. Adzaseka tsiku limodzi, mwina awiri. Panopa amaseka tsiku lililonse, inu muli chimanjamanja. Jeketelo musalitaye, lidzakuthandizani pa maukwati.

Chenjezo langa ndi pawiri. Mwati diso linatsekeka. Njuchi zikadzakulumani n'kuyamba kubanika kapena kutupa kukhosi, thamangirani ku chipatala, osayesa chamuna. Chachiwiri ndi chomwe ndikuopa kwambiri. Pakatha milungu itatu mudzayamba kuona ngati Mapopa amadziwa zochepa kuposa inu. Matenda amenewo munadwalapo kale. Tsiku limenelo mudzatseke pakamwa, mutenge chofukizira utsi, mumutsatire.

Lero ndi pa 23 Ogasiti.